Gombe linasamuka, dzina n'kutsala

Tsiku limene ndinafika ku Cape Town, mu 2012, ndinaima maola awiri pamalo olakwika mtima uli m'malo kuti ndafika. Msuweni wanga, yemwe anali atatha kale zaka zinayi kuno, anandiuza pafoni ndisanakwere basi ku Lilongwe kuti, "Asuweni, mukakatsika mukafunse ku Strand. Palibe amene sakudziwako. Ine mukandipeza pasiteshoni." Mawuwo ndinawalemba kuseri kwa tikiti. Basi itatitula, ndinafunsa mlonda wina, iye osatsegula n'komwe pakamwa, anangoloza ndi chibwano. Sindinayende ngakhale mphindi zitatu, ndinangoona chikwangwani pakhoma: Strand Street. Siteshoni ya sitima nayo inali pomwepo. Ndinatula chikwama pansi, n'kuchikhalira, ndikuthokoza Mulungu kuti ulendo wa masiku anayi wathera pabwino.

Dzuwa linapendeka, msuweni osaoneka. Simukhadi ya kumudzi inali itafa kalekale. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ankagulitsa zipatso pafupi ndi pamene ndinakhala ndiye anandimvera chisoni n'kundibwereka foni. Msuweni atayankha sanafunse zambiri. Anangoti, "Kodi nyanja mukuiona?" Ine ndinati, "Nyanja yake iti? Kuno kuli nyumba zosanja ndi matekisi basi." Anaseka mpaka kutsokomola. Iye anali m'tawuni ina yotchedwa Strand, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pamene ndinali, kumene njanji imathera. Ine ndinali pamsewu wa dzina lomwelo pakati pa mzinda.

Kwa zaka zingapo ndinkaikamba nkhaniyi ngati yoseketsa, yosonyeza uchimidzi wanga. Pano ndimaiona mwina. Funso la msuweni lija linali lolondola kuposa mmene iye mwini ankadziwira, chifukwa mawu akuti strand tanthauzo lake ndi gombe. Ndipo inenso sindinalakwe kwenikweni, chifukwa pamene ndinakhalira chikwama paja panalidi gombe. Ndinangochedwa kufikapo, madzi anali atachokapo zaka zambiri m'mbuyomo.

Ndine mwana wa kugombe, kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinakula ndikudzutsidwa ndi phokoso la alovi akuvuula khoka, ndipo fungo la usipa uli pathandala ndimalimvabe ndikatseka maso. Kwathu gombe si malo okagonapo chagada n'kumaothera dzuwa ngati mmene amachitira alendo. Ndi pamene munthu amasamba, kuchapa, kugula ndiwo, kukongola ndalama ndi kumva kuti wamwalira ndani. Mwina n'chifukwa chake mawu a anthu ena otchulira malo amenewa anandikola chonchi.

Amene anandimasulira koyamba anali mdala wina wa ku Germany yemwe ndinkamugwirira ganyu ya m'munda wamaluwa ndi yopenta ku Somerset West. Ndi m'gulu la azungu amene amabwera mu Novembala kwawo kukayamba kuzizira, n'kubwerera mu Epulo, moti anthu a kuno amawatcha anamzeze. Pakhonde pake panali chimpando chachilendo, cholukidwa ngati dengu, chokhala ndi denga ndi makoma m'mbali, cha anthu awiri, pansi pali timatebulo tosolola toikapo mapazi. Anandipatsa ntchito yochipaka vanishi. Nditafunsa dzina lake, anati Strandkorb, koma mmene anatchulira zinamveka ngati "shtrantkorb". Anati tanthauzo lake ndi dengu la kugombe. Mpando woterewu anayamba kuuluka ndi mmisiri wa madengu wa ku Rostock, Wilhelm Bartelmann, mu 1882, polukira mayi wina wodwala nyamakazi amene ankafuna kumakhala pagombe la Warnemünde popanda kuombedwa ndi mphepo. Lero magombe a kumpoto kwa Germany adzaza ndi mipando imeneyi, iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo amachita kubwereketsa.

Ndinamufunsa kuti, "Bwana, ndiye Strand ya kumunsi kuja, kumene ndimakwerera tekisi, ndi Chijeremani?" Anapukusa mutu, natenga lisiti la penti n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Chijeremani: Strand. Chidatchi: strand. Chiafrikaans, chomwe ife timangoti Chibunu: strand. Ku Denmark, ku Norway, ku Sweden: strand. Ku Iceland: strönd. Pomaliza analemba Chingerezi, nayenso strand, koma anaika kamzere kunsi kwake n'kunena kuti Angerezi okha ndi amene anawataya mawuwa. Lisiti limenelo ndinalisunga m'Baibulo kwa nthawi yaitali.

Kwa ife olankhula Chichewa nkhaniyi si yovuta kuimva. Nyanja yathu Ayao amati nyasa, ku Rwanda amati inyanja, ku Uganda amati ennyanja. Palibe amene anabera mnzake. Tonse tinatengera kwa makolo amodzi amene analankhula chinenero chimodzi asanamwazikane. Ndi mmenenso zilili ndi Chijeremani, Chidatchi, Chingerezi ndi zinenero za kumpoto kwa Ulaya. Makolo awo ankakhala m'mphepete mwa North Sea ndi nyanja ya Baltic, anthu a mabwato ndi nsomba, choncho dzina la malo amene madzi amakumana ndi mtunda linali la tsiku ndi tsiku. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zoposa 1,000 mawuwa sanapindike kwenikweni. Mmonke wa ku England wolemba pachikopa m'zaka za m'ma 900 ndi mnyamata wa ku Stellenbosch wouza anzake lero kuti "ons gaan strand toe", tikupita kugombe, akunena mawu amodzimodzi. Ajeremani a kum'mwera, a kumapiri, amene nyanja yamchere sankaiona, anachita kuwalandira mochedwa kuchokera kwa abale awo a kumpoto.

Angerezi anawasiya pang'onopang'ono. Mawu amene tonse timawadziwa lero, beach, anayamba kuoneka m'mabuku m'zaka za m'ma 1500, ndipo poyamba sankatanthauza mchenga ayi, koma timiyala tosalala ta m'mphepete mwa nyanja. Anakula mpaka kulanda malo, ndipo strand anatsala wa m'ndakatulo ndi m'nyimbo zakale za m'tchalitchi. Makamaka ku Ireland ndi kumene anthu wamba akadawagwiritsabe ntchito pocheza. Ku Dublin kuli Sandymount Strand, ku Kerry kuli Inch Strand, ndipo munthu akati akukayenda pa strand palibe amene amamuona ngati akudzionetsera.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndinachipeza ndekha, usiku wina ndikuwerenga pafoni data ikutha. Anthu a ku Finland chinenero chawo si cha banja limeneli. Koma anakhala moyandikana ndi anthu amenewa kuyambira kalekale, ndipo anabwereka mawuwa. Vuto linali lakuti lilime lawo silinkalola zilembo zopanda liwu zitatu zounjikana kumayambiriro, s, t ndi r. Ndiye anangodula ziwiri zoyambazo, mawuwo n'kukhala ranta. A ku Estonia amati rand. Nditaona zimenezi ndinaseka ndekha m'chipinda, chifukwa ndi matenda athu omwe, kungosiyana mankhwala. Ife tikakumana ndi zilembo zounjikana sitidula, timalowetsa liwu pakati: school inasanduka sukulu, store inasanduka sitolo. Iwo sukulu yomweyo, imene anaitenga kwa a ku Sweden ngati skola, anaidula mutu n'kukhala koulu. Tikanakhala kuti tinalandira strand m'nthawi ya agogo athu, bwenzi pano tikuti sitirandi, ndipo kunena zoona ndi mmene anyamata ambiri a kwathu amatchulira dzina la tawuni ija akamauza kondakitala kotsikira.

Kum'mawa kwa Finland kuli mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Saimaa umene uli ndi mayina awiri. Eni ake amati Lappeenranta, olankhula chinenero cha ku Sweden amati Villmanstrand, kutanthauza gombe la munthu wam'tchire, ndipo pachizindikiro cha mzindawo pali chimunthu chandevu chonyamula chibonga. Mukayang'ana kumapeto kwa mayina awiriwo muona ranta ndi strand, mawu amodzi atavala malaya awiri. Ku Hungary nako anabwereka kwa Ajeremani. Dziko limenelo, monga lathu, lilibe nyanja yamchere, nyanja yawo yaikulu ndi Balaton. Kumeneko strand ndi malo alionse osambirapo panja, ngakhale dziwe la simenti pakati pa Budapest lolowa ndi tikiti.

Tibwerere pamene ndinakhalira chikwama. Adatchi atafika mu 1652 motsogozedwa ndi Jan van Riebeeck, madzi a Table Bay ankafika pafupifupi pamene pali Strand Street lero. Linga lawo lalikulu, Castle of Good Hope, limene anamanga kuyambira 1666 mpaka 1679, linali pagombe penipeni, mafunde ankafika kumakoma ake. Lero mukaima pa lingalo mumaona njanji, misewu ndi malo oimika mabasi. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 boma linakumba doko latsopano lakuya, Duncan Dock, ndipo mchenga ndi matope zimene anafukula anazithira m'madzi osaya a kutsogolo kwa mzinda mpaka panauma. Dera lonse limene likutchedwa Foreshore, la nyumba zitalizitali zija, laima pamene kale pankayandama ngalawa. Nyanja inakankhidwa mtunda wokwana kilomita kapena kuposerapo. Mayina okha ndi amene anakana kusamuka: Strand Street, mnzake woyandikana naye Waterkant Street, kutanthauza m'mbali mwa madzi, ndi Old Marine Drive kuseri kwa siteshoni.

Pagombe limenelo Adatchi anapezapo anthu. Anali kagulu kochepa ka Akhoi kotchedwa Goringhaicona, kopanda ng'ombe, kodalira nkhono za m'nyanja, nsomba ndi nyama ya anangumi okankhidwira kumtunda ndi mafunde. Obwerawo anawatcha Strandlopers, oyendayenda m'gombe. Mtsogoleri wawo anali Autshumao, amene m'mabuku a sukulu a nthawi ya tsankho ankangotchedwa Harry die Strandloper, ngati kamunthu kosafunika. Komatu munthuyu anali atakwera kale sitima ya Angerezi cha m'ma 1630 mpaka kukafika ku Java, ankalankhula Chingerezi, ndipo ankasungira makalata oyendetsa sitima zodutsa. Van Riebeeck sakanagula ng'ombe ndi imodzi yomwe popanda womasulira, ndipo womasulira woyambayo anali iyeyu, kenako mdzukulu wa m'banja lake, Krotoa. Atasemphana, mu 1658 anamuponya pachilumba cha Robben. Chaka chotsatira anathawako pa kabwato kopalasa. Dzina lakuti Strandloper limandiwawa pang'ono ndikaliona pazikwangwani za malo odyera ndi ogona alendo. Ndi dzina limene munthu wotsika m'sitima anapatsa mwini malo, ngati kuti woyendayenda anali mwini maloyo.

Kuchokera pamenepo mawuwa anamwazika m'mapu onse a kuno. Bloubergstrand, kumene ajambuli amakaima pojambula Table Mountain. Melkbosstrand, dzina lochokera ku mitengo ya utomoni woyera ngati mkaka. Strandfontein, kasupe wa kugombe. Strandveld, chigwa cha mchenga cha kufupi ndi Cape Agulhas. Ngakhale fisi wa ubweya wautali amene amatola zakufa m'magombe a ku Namibia amatchedwa strandwolf. Tawuni ya msuweni ija kale inkatchedwa Somerset Strand, gombe la anthu a ku Somerset West, ndipo anthu anatopa n'kutchula zonse.

Mu 2022 mlongo wanga anapita ku England kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina lopuma anakwera sitima kupita ku London ndi anzake, ndipo madzulo ndinalandira chithunzi pa WhatsApp. Anaima pansi pa chikwangwani choyera cholembedwa Strand, akumwetulira, mpango uli m'khosi. Pansi analemba kuti, "Achimwene, nanenso ndafika kwanu ku Strand." Sindinachedwe. Ndinayankha kuti, "Achemwali, kodi nyanja mukuiona?" Anati kulibe nyanja, kuli mabasi ofiira ndi nyumba za zisudzo.

Ine ku London sindinapondeko, koma msewu umenewo ndinali nditauwerenga mokwanira moti ndinamutsogolera pafoni ngati mwini mudzi. Ndinamuuza kuti atsike ndi Villiers Street, pambali pa siteshoni ya Charing Cross, alowe m'paki imene ili kumunsi, ayang'ane chipata chakale cha miyala. Anachipeza. Ndi York Watergate, chomangidwa mu 1626 pa nyumba ya George Villiers, Duke of Buckingham. Chinali doko lake, pamene ankatsika masitepe n'kulowa m'bwato pa mtsinje wa Thames. Lero chaima pakati pa kapinga ndi maluwa, mtsinje uli kutali mamita oposa 100. Mlongo wanga anati pamabenchi apafupi anthu ankadya masangweji, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankachiyang'ana.

Msewu wa Strand ndi wautali kilomita imodzi ndi pang'ono, kuchokera ku Trafalgar Square kukafika pamene payambira Fleet Street. Dzina lake linalembedwa koyamba mu 1002 ngati strondway, njira ya m'gombe, chifukwa unkatsata gombe la kumpoto la Thames pakati pa mzinda wa amalonda ndi Westminster, kumene kunali mafumu. Mabishopu ndi nduna anamanga nyumba zawo zikuluzikulu pamenepo, khomo lina loyang'ana kumsewu, lina kumadzi. Chimene chinachotsa gombelo ndi chimbudzi. Zonyansa zonse za mzinda zinkathera mumtsinje, kolera inkapha anthu, ndipo m'chilimwe cha 1858 fungo linafika poipa mpaka aphungu m'nyumba ya malamulo anasowa pokhala. Pamenepo ndalama zinapezeka msanga. Injiniya Joseph Bazalgette anamanga chikhoma m'kati mwa mtsinje, kuseri kwake anaika ngalande yaikulu ya zonyansa ndi njanji ya pansi pa nthaka, n'kukwirira, pamwamba n'kuika msewu ndi paki. Msewu watsopanowo, Victoria Embankment, unatsegulidwa mu 1870. Mtsinje unachepa, ndipo Strand inasanduka msewu wa pamtunda.

Pa nambala 429 ya msewu umenewu pali nyumba imene ikutikhudza. Lero ndi Zimbabwe House, ofesi ya kazembe wa Zimbabwe, kumene kuyambira 2002 anthu a dzikolo okhala ku Britain ankasonkhana panja Loweruka lililonse kuimba ndi kudzudzula boma lawo. Kale inkatchedwa Rhodesia House, ndipo m'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, woimira boma la Rhodesia ndi Nyasaland ankakhala mmenemo. Ndiye kuti boma limene agogo athu analikana mpaka ena kufa mu 1959 linali ndi keyala yake pa Strand. Pakhoma la nyumbayo pali ziboliboli 18 za anthu amaliseche zimene anasema Jacob Epstein mu 1908, nyumbayo ili ya bungwe la madokotala. Mu 1937 eni atsopano, a ku Southern Rhodesia, anazigumula mitu, manja ndi zina zonse zotulukira kunja ponena kuti zingagwere odutsa. Zilipobe, zoduka choncho. Ndinapempha mlongo wanga kuti akazijambule koma anati miyendo yatopa.

Pali njira imodzi imene strand anapulumukira m'Chingerezi cha masiku onse, ndipo ndi imene Amalawi timaidziwa bwino kuposa zonse. Ngalawa ikakankhidwa ndi mphepo n'kukatsakamira pamchenga, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera, Angerezi amati ili stranded, Ajeremani ndi Adatchi amati gestrandet ndi gestrand. Kuchokera ku ngalawa mawuwa anafika pa anthu. Ndani wa ife sanawaonepo m'nyuzipepala? Mu 2015, pamene alendo ankasakidwa ku Durban ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, mawu anali omwewo. Mu 2020, malire atatsekedwa chifukwa cha mliri, omwewonso. Munthu ali pa Beitbridge, pakati pa fumbi ndi mitengo ya malambe, nyanja ili kutali makilomita mazanamazana, koma chinenero chikuti watsakamira pagombe. Ine ndikawamva ndimaona bwato la atsibweni anga litagona cham'mbali pamchenga mwera utawomba usiku wonse. Ndimaonanso mnyamata uja wakhalira chikwama pa Strand Street.

Si nthawi zonse pamene munthu ndiye amalanda malo a madzi. Kugombe la kumadzulo kwa Schleswig, kumpoto kwa Germany, kunali chilumba chachikulu chachonde chimene dzina lake linali Strand, lomwelo basi. Anthu ake ankakhala kuseri kwa zikhoma zadothi zotchinga nyanja. Usiku wa pa 11 Okutobala 1634 namondwe anagumula zikhomazo m'malo ambirimbiri. Pofika m'mawa anthu oposa 6,000, kuposa theka la onse okhala pachilumbacho, anali atamira pamodzi ndi ziweto zawo, matchalitchi ndi midzi yathunthu. Chilumbacho chinaduka zidutswa, ndipo zimene zinatsala ndi Pellworm, Nordstrand ndi kachidutswa kotchedwa Nordstrandischmoor. Madzi akaphwa, anthu oyenda m'matope a kumeneko amapezabe mapale a miphika, zitsime ndi mizere ya minda. Ku Cape Town ndi ku London dzina linatsala pamtunda madzi atachoka. Ku Schleswig dzina linatsala mtunda utachoka.

Ku Norway ndi ku Sweden mawuwa analowa m'mayina a anthu. Ku Norway munthu ankadziwika ndi dzina la bambo ake ndi la munda umene ankakhala, ndipo minda yambiri ya m'mphepete mwa madzi inkatchedwa Strand. Lamulo la 1923 litalamula kuti banja lililonse likhale ndi dzina losasintha, ambiri anangotenga la mundawo. A ku Sweden anachita mwaluso lina. Atatopa ndi kuchuluka kwa a Andersson ndi a Johansson, anayamba kulumikiza mawu awiri a chilengedwe: Ekstrand, Lindstrand, Bergstrand, Sjöstrand, Strandberg. Nthawi zambiri sizinkafunika kuti tanthauzo ligwirizane, bola limveke bwino. Dokotala wa maso Allvar Gullstrand, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1911, dzina lake ndi gombe la golide. Ku Finland a Ranta ndi a Rantanen ndi ambirimbiri. Ife amene tili ndi a Phiri, a Nyanja, a Dambo ndi a Gombe sitingadabwe nazo.

Ngakhale akufa anawapatsa gombe lawo. M'ndakatulo zakale za ku Iceland muli malo otchedwa Náströnd, gombe la mitembo, kutali ndi dzuwa. Kuli nyumba yoyang'ana kumpoto, yolukidwa ndi misana ya njoka, ululu ukudontha kuchokera kudenga, ndipo kumapita opha anzawo ndi olumbira monama. Anthu a m'dziko lozizira anaganiza za chilango ngati gombe lonyowa lopanda dzuwa, osati moto.

Kumene ndinagona usiku woyamba uja, msuweni atandilandira pasiteshoni yeniyeni, sikunali ku Strand ya nyumba zosanja zoyang'ana nyanja. Kunali ku Lwandle, m'mbali mwa msewu waukulu wa N2. Lwandle ndi Chixhosa, kuchokera ku ulwandle, kutanthauza nyanja. Malowa anakhazikitsidwa mu 1958 ngati mahositelo a amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito m'minda ya zipatso ndi m'mafakitale, akazi ndi ana osaloledwa. Imodzi mwa nyumbazo, Hostel 33, anaisiya mmene inalili kuti anthu azikaona, ndipo ndinalowamo kamodzi: timabedi tothithikana, denga lakuda ndi utsi. Agogo anga aamuna anapitako ku Joni pa Wenela, ndipo ndili mmenemo ndinamva ngati ndikuwaona. Tsono taganizani: tawuni ya azungu dzina lake Gombe, komboni ya antchito awo dzina lake Nyanja, ndipo anthu a ku Nyanja sankaloledwa kuponda pa Gombe. Pamchengapo panali zikwangwani zolembedwa kuti Net Blankes, azungu okha.

Pa 19 Ogasiti 1989 Bishopu wamkulu Desmond Tutu anatsogolera anthu kuti akangoyenda pamchenga umenewo. Apolisi anatseka misewu yolowera ku Strand, ndipo ambiri anatembenukira ku Bloubergstrand, kumene anakabalalitsidwa ndi zikoti. Mu Novembala chaka chomwecho Pulezidenti F. W. de Klerk analengeza kuti magombe atsegulidwe kwa onse, ndipo lamulo la 1953 losiyanitsa malo linafafanizidwa mu 1990. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale gombe la Strand limadzaza moti mchenga suoneka, matekisi ochokera ku Lwandle, Nomzamo ndi Khayelitsha ali mdadada, agogo akulowa m'madzi ndi madiresi awo. Ndinamvapo bwana wina akudandaula kuti masiku amenewo satsika n'komwe m'nyumba mwake. Ine ndinangopitiriza kupenta, sindinayankhe.

Ndimapitako Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, makamaka mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamawomba, ija imaponya mchenga m'maso n'kuthamangitsa alendo onse. Imachokera mbali yomweyo imene mwera amachokera kwathu, ngakhale nyengo zake n'zosiyana. Asodzi a kuno akamakokera maboti awo kumtunda pafupi ndi jeti yakale ndimaima n'kumaonerera, ndipo nthawi zina ndimagwirako chingwe osapemphedwa.

Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kuposa mmene ambiri a msinkhu wanga anaionerapo. Malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima analowa madzi, ndipo kwathu sikunasiyidwe. Ndinaimbira amayi ndili pagombe la Strand, chala china chitatseka khutu chifukwa cha mphepo. Ndinafunsa za doko lathu, limene tonse timalitchula ndi dzina la mkuyu waukulu umene unali pamenepo, pomwe ndinaphunzirira kusambira.

Anati, "Mwanawe, mkuyu uja uli m'madzi mpaka m'chiuno. Mathandala anasamutsa, ali kumtunda kuseri kwa munda wa chinangwa wa atsibweni ako."

Ndinati, "Nanga tsopano malo atsopanowo mukuwatchula chiyani, amayi?"

Anadabwa ndi funsolo. Anati, "Pa Mkuyu pomwepo. Ukufuna tizitchula chiyani?" Kenako anafunsa ngati ndatumiza ndalama ya feteleza.